Dzina Lomwe Sindinkalandira

Ine ndinabadwira m'banja la ajeli, anthu oyimba mbiri ndi matamando a mabanja, koma tsiku lomwe Mulungu ankagawa mawu ndi zala ndiyenera kuti ndinali nditapita kuthengo. Bambo anga akagwira ulimba ngakhale mbuzi zinkasiya kubzikula. Achimwene anga onse oyimba, alongo anga ndiye osanena. Ine ndikati nditsegule pakamwa agalu a m'Kurusa monse ankayamba kuuwa, ndikagwira timitengo ta ulimba bambo ankangoti, "Karifa, tasiya mwanangu, anthuwa sanakulakwire." Ndiye ndinaphunzira kusoka. Mpaka lero makina anga ali pakhonde lomwe lija, moyang'anana ndi msika.

Komabe ntchito imodzi ya pamtundu pathu inandikwana bwino. Kuno jeli sayimbira mphepo. Mawu akatuluka pakamwa pake payenera kukhala munthu wowalandira, apo ayi amagwera m'fumbi. Woyimba akamaliza mzere, wina pambali pake amati, "Naamu." Ndiye kuti ndamva, ndi momwemo, pitirizani. Mzere ukalandiridwa woyimba amapuma n'kutenga wina, ukapanda kulandiridwa sapitiriza nawo, amausiya pomwepo. Osadziwa amayesa n'zophweka. Ha! Tayesani muone. Pali naamu wokankha woyimba akayamba ulesi, pali wapansipansi wa pamaliro, pali wokoka pang'onopang'ono, palinso wongoseka. Ukachedwa woyimba amapunthwa, ukafulumira wamudula lilime.

Ine ndinkalandirira munthu mmodzi yekha, mkazi wanga Dusuba Jubate. Tinadziwana pa ukwati wina ku Baro. Iye ankayimba, mtsikana wowonda wa mawu otha kuwoloka mtsinje wa Joliba utadzaza, koma nkhalamba yomwe inkamulandira inali itakhuta mpunga, ikusinza. Mawu abwinobwino ankangotayika. Zinandinyansa. Ndili kumbuyo kwa anthu ndinangomva pakamwa panga pati, "Naamu!" Mtsikanayo anatembenuka, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anatenga mzere wina akuyang'anabe ine. Basi, nkhani inathera pomwepo. Chiyambire tsiku limenelo malo anga anali kumanzere kwake, pakampando, ndipo mlongo wake Lansine ankakhala kumanja ndi ulimba.

Pamsika sankandisiya kupuma, makamaka Kanko Keita, mayi wogulitsa mtedza wa kola pafupi ndi makina anga. A Keita ndi ife a Kuyate ndife asuweni achipongwe kuyambira kwa makolo, timanyozana momwe tingathere ndipo wokwiya ndiye wolakwa.

"Mwamuna wa naamu wafika!" ankafuula m'mawa uliwonse. "Tandiuza kapolo wanga, kunyumba akakuuza kuti tsuka mbale umatinso naamu?"

"Khala chete, wodya nyemba iwe. Msika wonse umadziwa pomwe wadutsa."

"Nyemba zomwezo n'zomwe zandinenepetsa. Iwe naamu wakupatsa chiyani, nthiti?"

Mwana tinali naye mmodzi, Sitan. Kamwana kameneko kanatengera ine, osati amake. Kuyimba ayi, koma kulandira. Tambala akalira kankati, "Naamu!" Bulu wa aneba akalira, naamu. Amake akamakalipa kuti kataya sopo, naamu, mpaka amake kuseka kandodo kali m'manja. Anthu anasiya kunditchula Karifa, ndinali bambo a Sitan basi. Chaka chomwe mano ake akutsogolo anagweruka, mvula ili pakati, malungo anamugwira. Tinathamanga naye konse komwe munthu angathamangire. Mano atsopanowo sanamere.

Kuchokera pamenepo wonditchula kuti bambo a Sitan sindinkamutembenukira. Anthu anazolowera, ndinabwerera kukhala Karifa, ndipo Dusuba anayamba kunditi Nkoro, ndiye kuti achimwene, monga amachitira akazi ambiri kwa amuna awo.

Tsono pali nyimbo yakale yomwe Dusuba amatsekera mwambo, ife timati nyimbo ya mthunzi. Amatchula amene anapita, mafumu, alenje, amalonda a golide, amayi omwe anadyetsa midzi nthawi ya njala. Akatchula dzina amati, "Anakhala pamthunzi uno, mthunzi unatsala," ine n'kuti naamu, iye n'kutchula lina. Chisoni chitatha tinapita koyimba pamwambo wopatsa mwana dzina. Dusuba anatchula mafumu aja, anatchula alenje, kenako mosandichenjeza n'komwe anati, "Sitan Kuyate, mwana wa telala, wa mano ogweruka, anakhala pamthunzi uno, mthunzi unatsala." Anatembenukira kumanzere.

Naamu ndiye kuti ndi momwemo. Ine ndinene pagulu kuti ndi momwemo? Mwana wanga ndimuike pamzere wa mafumu ofa kalekale ndi pakamwa pangapa? Asa! Ndinangoti duu. Lansine anaona, anagunda ulimba mwamphamvu kutseka mpatawo, ndipo Dusuba anadumphira nyimbo ina.

Zinakhala choncho zaka ndi zaka. Paukwati, pamaliro, polandira obwera ku ulendo wachipembedzo wa ku Maka, dzina lija linkatuluka, iye ankadikira, ine chete, Lansine n'kuphimba. Ndinkadziwa kuti kuseri kwa mzerewo kuli mzere wina womwe anaukonza, chifukwa ndinkaona akuumeza, koma sindinaumvepo. Kamodzi kokha ndinamuuza, tikudya mpunga wa nsinjiro.

"Dzina lija ulichotse m'nyimbo."

"Ndilichotse ndikaliike pati, Nkoro?"

Tinapitiriza kudya.

Chaka chatha nyengo ya fumbi, dzuwa likuoneka ngati mbale yosatsuka, kunabwera mayi wina wa ku Ulaya, Madamu Birigiti, ndi zikwama za mawaya. Chiyankhulo chathu ankachigwira ngati poto wotentha, komabe ankayesetsa. Kanko anali atamupatsa kale mfunda wa Keita pamsika, ndiye ine pomulonjera ndinati, "Takulandirani adyanyemba," iye n'kuseka mpaka misozi. Anajambula mawu a Dusuba masana angapo pabwalo pathu pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuyendayenda pamawaya. Pa nyimbo ya mthunzi ndinamuona akupukuta maso. Sindikudziwa chomwe anamvapo.

Mango atayamba kupsa Madamu anaimba foni. Ankafuna Dusuba akayimbe kwawoko, mizinda yambiri, pamaso pa anthu osawerengeka. Malo anali a woyimba, wa ulimba ndi wa ng'oma basi. Madamu anapepesa mpaka ine kuchita manyazi.

"Akuluakulu a zikondwererozo akufunsa kuti a Kuyate amaimba chida chanji," anatero, "ndiye ndasowa chowayankha."

Mayiyo sindimuda. Chida chanjidi? Ndikanati pakamwa? Ndinangoti, "Musavutike Madamu, ine ndege ayi. Ndiponso chikondwerero chathu chachisilamu chopha nkhosa chayandikira, ndili ndi mikanjo ya anthu yosoka." Koma mkatimu munali moto, ndisaname.

M'mawa wa tsiku lonyamuka Dusuba ankapinda zovala, ine ndikumalizitsa mpendero wa mkanjo wake wabuluu.

"Nkoro," anatero, "ndiye kumeneko akandilandira ndani?"

"Azungu. Alibe pakamwa? Ukawaphunzitse."

"Ndikawaphunzitsedi?"

"Ukawaphunzitse! Poti ntchito yake si ntchito, ngakhale mbalame ingathe."

"Nanga akakandipempha ya mthunzi?"

Ndinachita ngati ndikulowetsa ulusi m'singano, chonsecho ulusi unali kale momwemo. Galimoto inaliza hutala panja, anatenga mkanjo uja m'manja mwanga, anapita.

Mvula inayamba sabata yomweyo. Nyumba yopanda Dusuba sindinkaidziwa. Mkazi ameneyu amayimba posesa, potsuka mano, pokangana ndi wogulitsa makala, ndiye ine ndinazolowera kulandira osaganiza n'komwe. Tsopano ndinkapezeka ndikulandira mvula. Ikagunda malata n'kuduka pang'ono, pakamwa panga pankati naamu pokhapokha, ine n'kucheuka kuona ngati wina wandimva.

Masana ntchito ikachepa ndinkatsamira pamakina n'kuwodzera, fungo la dothi lonyowa likulowa pakhonde. Ndinkalota zomwezomwezo. Nsalu yomwe inali pansi pa singano inkayamba kuyenda yokha, kuyenda, kutsika pakhonde, kudutsa msika, mpaka kusanduka Joliba. Pamtsinjepo panali bwato, Dusuba ataimirira pakati, koma bwatolo linali kukwera m'mwamba pang'onopang'ono, madzi akudontha pansi pake. Ankayimba. Mawuwo sindinkawamva ndi makutu, ndinkawaona, ankatuluka oyera n'kumagwera pa dziko lina lopanda mitengo ya mango, lathyathyathya, anthu ake ataima manja ali m'matumba. Ine ndinkathamanga ndi lichero kuti ndiwole mawuwo, koma miyendo inali kupalasa makina osokera, osasuntha. Nthawi zina kutsidya kunkadutsa kamtsikana katanyamula tambala kukhwapa. Sikankandiyang'ana, ndipo ine sindinkakaitana.

"Iwe kapolo, dzuka!" Kanko ankandigenda ndi khoko la kola. "Ukutulutsa dovu pa nsalu ya eni ake. Mkazi kungochoka pang'ono wasanduka nkhuku yonyowa?"

Dusuba ankaimba foni mwa apo ndi apo, mawu akumveka ngati ali pansi pa chitsime. Anati kumeneko dzuwa limakana kulowa, anthu amadya masamba osaphika, ndipo Lansine wayamba chimfine.

"Nanga kuyimbako?" ndinafunsa.

"Nkoro, anthu ake ndi abwino, koma amakhala phee ngati ali kuchipatala. Ndimaliza mzere, zii. Ndimaliza wina, zii. Tsiku loyamba ndinayesa ndawalakwira. Kenako pomaliza anaimirira onse kuwomba m'manja mpaka ine kuopa. Amasunga zonse kuti akapereke kumapeto."

"Lansine sakukulandira?"

"Amayesa, koma akalandira amaphonya ulimba, akagwira ulimba amaiwala kulandira. Ndikupunthwa, Nkoro."

Ndisabise, ndinakondwa. Tsiku limenelo ndinasoka mikanjo ndikuimba mluzu, mpaka Kanko kufunsa ngati ndapeza mkazi wina.

Foni yotsatira inabwera akuseka asanayambe n'kuyankhula komwe.

"Ndawaphunzitsa! Monga munanenera. Ndinawauza kudzera mwa Madamu kuti kwathu woyimba sayimba yekha, ndikamaliza mzere muziti naamu. Nkoro, mukanamva! Anthu odzaza bwalo lonse, pakamwa pamodzi. Pansi pamachita kunjenjemera."

"Amalowa nthawi yake?"

"Aaa, amachedwa ngati sitima. Koma amakondwa. Amalandira chilichonse, ngakhale nditatsokomola."

Tinaseka tonse. Koma mawu akutiwo, amalandira chilichonse, sanandichoke m'mutu. Anthu amenewo chiyankhulo chathu sachimva. Sadziwa mfumu, sadziwa mlenje, sadziwa mwana.

"Ya mthunzi wayimbako?"

"Ayi. Koma Madamu akuifuna pa chikondwerero chomaliza, chachikulu chija. Akuti ndi nyimbo imeneyo yomwe inamubweretsa kwathu."

"Ndiye?"

"Ndiye ndikumverani inu, Nkoro."

Chomwe ndinayenera kunena chinali chachifupi. Koma kuti ndichinene ndinayenera kutchula dzina, ndipo dzinalo linali lisanadutse pakamwa panga chiyambire tsiku la maliro ake. Ndinangomva kupuma kwake, iye akumva kwanga, mpaka foni inaduka yokha.

Masiku otsatirawo sindinadye bwino. Ndinkaona chikhamu cha anthu osandidziwa, makapu a mowa m'manja, akumwetulira, Dusuba akutchula mwana wanga, iwo n'kufuula mokondwa kuti ndi momwemo. Mawu omwe ine bambo wake ndinawakana zaka zonsezi, alendo awatulutse ngati akuyitana basi! Ndinkakwiyira Madamu, ndinkakwiyira Lansine, ndinkakwiyira ndege. Ndinasokera Alhaji wina manja a mkanjo chammbuyo, ndipo atadandaula ndinamuuza kuti manja ake ndiwo okhota. Ndinkatenga foni kuti ndiimbe, n'kuibwezanso m'thumba. Maloto a masana aja anasintha. Anthu aja anatulutsa manja m'matumba, aliyense ali ndi lichero, ndipo kamtsikana kaja kanali kayandikira pomwe mawu ankagwera.

Tsiku lake linafika mvula itagwa m'mawa wonse. Masana inakata, dzuwa linatuluka lofewa, nthunzi ikukwera pamalata a msika. Mwana wa Kanko amene amagwira ntchito kunjako anali atatumiza uthenga kuti chikondwererocho chionetsedwa pafoni nthawi yomweyo chikuchitika. Kanko anatsamiritsa foni yake yong'aluka galasi pa dengu la kola, ndipo posakhalitsa panadzaza anthu, ogulitsa nsomba, okonza njinga, amayi a mafuta a mgwalangwa, ngakhale Alhaji wa manja okhota uja.

"Kapolo, bwera uone mbuye wako!" Kanko anafuula.

"Ndili ndi ntchito. Mudzandiuza."

"Kandimverere anakanena za m'maluwa. Dzuka apo!"

Ndinapalasa makina mwamphamvu kuti ndisamve kanthu. Gudugudu, gudugudu, nsalu yopanda pake, chisanza chabe. Koma ulimba wa Lansine umalowa paliponse. Unadutsa pansi pa phokoso la makina, ulusi unaduka, ndipo ndinapezeka ndaima kumbuyo kwa Kanko kampukutu ka ulusi kali m'manja. Anthu anandipatukira.

M'kagalasi kaja munali dambo lalikulu lodzaza mitu, mpaka kumapeto kwa maso. Kutsogolo kunali nsanja, pansanjapo Dusuba, wamng'ono ngati chala, atavala mkanjo wabuluu uja. Mphepo inkaukupiza ndipo ndinauzindikira mpendero wanga. Anakweza mutu, anatulutsa mzere woyamba, mawu omwe aja a ku Baro. Anamaliza, anatambasula dzanja.

"NAAAMU!"

Kafoni kanachita kunjenjemera pa dengu. Msika wonse unafa nako kuseka.

"Achedwa!" ndinatero. "Taonani, amudula mpweya. Ameneyo si naamu, ndi ng'ombe zopita kudibi."

"Nsanje," anatero Kanko. "Ntchito yako yatengedwa ndi azungu, kagulitse makala."

Koma ndikapitiriza kunyoza ndikhala ndikunama. Wojambulayo ankayendetsa diso lake pakati pa anthu. Ndinaona nkhalamba ya ndevu zoyera itatsinzina, milomo ikudikira nthawi yolowa. Ndinaona mtsikana wa tsitsi lofiira atagwira pachifuwa. Ndinaona anyamata akuda ngati ife, ana a kwathu kuno obadwira komweko, akulira poyera osabisa. Panali bambo wina atanyamula kamwana paphewa, kamwanako kankafuula naamu pena paliponse, pakati pa mzere, kumayambiriro, kumapeto. Ndinachotsa maso msanga. Anthu amenewo sankanyoza. Ankanyamula mawu a mkazi wanga ndi manja awiri, mosadziwa kagwiridwe kake, koma ndi mtima wonse. Zimenezo ndiye zinandiopsa kwambiri.

Nyimbo zinatsatana. Nthawi inayenda bwanji sindikudziwa, zonse zinali ngati maloto anga a masana aja, dambo lakutalilo ndi msika wathu zitalowana, nthunzi ya pamalata ikudutsa pamaso pa Dusuba. Kenako Lansine anatsitsa ulimba, anayamba kuyenda pang'onopang'ono pa mitengo ikuluikulu ya kumanzere. Amayi a nsomba anasiya kuseka. Aliyense wa ku Kurusa amaidziwa nyimbo ya mthunzi, ndipo aliyense amadziwa chomwe chili mkati mwake.

Anatchula mfumu yoyamba. Anakhala pamthunzi uno, mthunzi unatsala.

"Naamu," linatero dambo lija, motsitsa tsopano, ngati nawonso amva kuti pano si posewera.

Anatchula alenje. Naamu. Anatchula amalonda a golide. Naamu. Ine ndinkaudziwa mndandandawo ngati njira ya kunyumba, ndinkadziwa dzina lililonse lomwe latsala. Atafika pa amayi odyetsa midzi ndinatambasula dzanja kuti ndilande foniyo, ndiizimitse, kaya ndiiponye m'matope. Kanko anandigwira pamkono. Mayi ameneyu wakhala akundinyoza moyo wanga wonse, koma apa sanandinyoze. Anangondigwira zolimba.

"Sitan Kuyate," anayimba Dusuba, "mwana wa telala, wa mano ogweruka, anakhala pamthunzi uno, mthunzi unatsala."

Ndinaona dambo lonse likukoka mpweya. Ndinatsinzina.

Sikunamveke kanthu.

Nditatsegula maso Dusuba anali atakweza dzanja, chikhatho chikuyang'ana anthu, ngati mayi woletsa ana kulowa m'chipinda momwe mwagona wodwala. Anthu onse aja anali chete, pakamwa pali yasa, akudikira. Lansine naye, yemwe zaka zonsezi ankaphimba mpatawo, anali atanyamula timitengo take m'mwamba, osagunda. Dusuba anatembenukira kumanzere. Pamalo pomwe pamakhala kampando kanga panali waya wakuda ndi botolo la madzi. Anayang'ana pomwepo.

Anadikira. Mphepo inakupiza mkanjo uja. Wojambula anayandikiza nkhope yake, ndinaona kuti wakalamba mkazi wanga, ndinaona imvi m'mphepete mwa duku zomwe kunyumba sindinkaziona. Sankaoneka wokwiya, sankaoneka wopempha. Ankangodikira monga amadikirira madzi kuti awire. Ndinadziwa kuti akhoza kuima choncho mpaka dzuwa lawo losalowalo litalowa, pamaso pa dziko lonse, ndipo sadzalola mlendo aliyense kukhudza dzinalo.

Pamsika panali zii. Madzi ankadontha kuchokera pamalata kugwera m'chitini, tho, tho. Palibe anandiyang'ana, onse maso pansi, ngakhale Alhaji. Ndiye kuseri kwa misasa, komwe amagulitsa nkhuku, tambala wina wosadziwa nthawi analira.

Ndinadikira kamawu kaja ka mwana wanga kuti kamulandire. Thupi langa lonse linadikira, monga linkadikirira m'mawa uliwonse zaka zonsezi ine osadziuza. Tambala anamaliza. Palibe anayankha. Mwana wanga kunalibe, kumsika kunalibe, kutsidya kwa mtsinje kunalibe, ndipo amake anali ataima okha kutali atanyamula dzina lake.

"Naamu," ndinatero.

Anali naamu woipa kuposa onse omwe ndinatulutsapo, wosasa, wothyoka pakati, wochedwa zaka zambirimbiri. Bambo anga akanamva akanagwira kumutu.

M'kagalasi muja Dusuba anagwedeza mutu kamodzi.

Musandifunse. Kanko amalumbira mpaka lero kuti foni yake imangoonetsa, situmiza mawu kupita uko, ndipo okonza mafoni amavomerezana naye. Ine ndikungonena zomwe anaona msika wonse. Anagwedeza mutu monga amachitira ndikamulandira bwino, anakoka mpweya, ndipo anatenga mzere uja womwe ankaumeza, womwe ndinali ndisanaumvepo.

"Yenda tsopano mwanangu, kwada kale komwe waima. Bambo ako akuperekeza."

Anatsitsa dzanja pang'onopang'ono. Dambo lonse lija linati naamu, motsitsa, mochedwa monga mwa masiku onse, ndipo ndinawalola. Amayi a nsomba nawo anati naamu, okonza njinga, Alhaji, onse. Lansine anatsitsa timitengo pa ulimba.

Ndinakhala pansi pamatope pomwepo, mwamuna wamkulu, ndinalira ngati mmene ndikanalirira tsiku lija tikuchokera kumanda. Ndinatchula dzina lake, Sitan, Sitan, linkatuluka lokha, ndipo silinandiwotche pakamwa monga ndinkaopera. Anthu anandisiya. Nyimbo inatha, m'foni munamveka kuwomba m'manja kosalekeza, kenako wina anaizimitsa ndipo anthu anayamba kubwerera ku malonda awo mmodzimmodzi.

Nditatopa ndinadzuka, ndinasasa matope pa thalauza, ndinayamba kulowera kumakina anga. Kumbuyo ndinamva Kanko akufwenthera m'nsonga ya duku lake.

"Bambo a Sitan," anaitana, "mwagwetsa ulusi wanu."

Ndinatembenuka, ndinapita kukautenga.